Mathiripi Asanu ndi Anayi a kwa Dennis

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, aliyense wa ku Kinsel Creek amene anafika kutchalitchi nsapato zili zoyera, kapena anafikitsa mkazi wake kuchipatala mwana asanabadwire m'galimoto, anayenera kuthokoza a Delmar Huebner. Koma ife anthu a kuno msewu ukakhala bwino sitiuona. Timaukumbukira ukakumbika. A Delmar ndiwo ankayendetsa gileda ya komiti ya misewu, chimakina chachikasu chopala ndi kusalaza msewu, ndipo misewu yathu yonse yafumbi ankaidziwa ngati khonde la nyumba yawo. M'chilimwe ankathira miyala ya kwale. M'nyengo yozizira ankakankha chipale chofewa kuti basi ya ana asukulu ndi lole ya mkaka zidutse.

Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, wogontha pang'ono chifukwa cha phokoso la injini, ndipo anali ndi kachizolowezi kamene tonse tinkawaseka nako. M'thumba la malaya awo simunkasowa kabuku, timabuku tija kampani ya mbewu ya chimanga imagawa ulere chaka ndi chaka. Lole ikakhuthula thiripi ya miyala, iwo ankalemba kamzere kamodzi, tsiku ndi dzina la msewu. Mvula ikawalepheretsa ntchito, nazonso ankalemba. Kabuku kakadzaza ankakaika m'katoni ya nsapato n'kuyamba kena. Palibe anawatuma zimenezi. Akazi awo, mayi Arlene, ankati amuna awowa akanalemba ndi kuyetsemula komwe pensulo ikanakhala yosatha.

Lamlungu ankavala jekete yawo imodzi yomwe ija n'kuyendetsa mbale ya chopereka kumbali ya kumanzere ya tchalitchi. Anayamba ntchitoyi ali mnyamata, ndipo ankainyadira kuposa gileda, ngakhale sanatiuzepo ndi pakamwa.

Chisankho sankajomba. Ankachonga pulezidenti wa Amereka, bwanamkubwa wa chigawo chathu, mkulu wa apolisi, mpaka a komiti ya sukulu. Koma pa pepala lovoteralo panali mzere umodzi umene ankaudumpha nthawi zonse, mzere wa Odita. Udindo umenewu ndi wakale kuposa misewu yathu. Makolo amene analemba malamulo a chigawo chino anafuna munthu wofufuza ngati ndalama za msonkho zapitadi kumene zinayenera kupita, ndipo anati munthuyo azisankhidwa ndi anthu, osati ndi bwanamkubwa, podziwa kuti palibe amafufuza bwino bwana amene anamulemba ntchito. Poyamba Odita ankangokhala kulikulu n'kumasaina mapepala a zolipira za boma. M'kupita kwa zaka anapatsidwa mphamvu zotsikira mpaka ku timakomiti ngati kathu. Zonsezi tinaphunzira kusukulu n'kuiwala, ndipo a Delmar anaiwala kuposa tonse.

Mu 1982, pa chionetsero cha zaulimi, pakati pa khola la nkhosa ndi tenti ya amayi a mpingo, panaima mayi wina wamfupi wovala magalasi, dzina lake Wanda Ostrander. Ankapikisana nawo pa udindo wa Odita, ndipo ankagawa malula athabwa otalika yadi imodzi, olembedwa dzina lake. A Delmar anatenga imodzi, n'kuitembenuza uku ndi uku ngati akugula ng'ombe.

"Mayi, lula ndatenga poti ndi yaulere," anatero. "Koma voti yanga musaidikire. Munthu wowerenga mapepala n'kumuvotera? Mawa mudzatiuza tivotere ndi wotsegula geti."

"Tengani ndithu, bambo," anayankha mayiyo osakwiya. "Kuseriko kuli nambala ya foni. Nayonso ndi yaulere."

Mayi Ostrander anapambana popanda voti ya a Delmar. Lula ija inakakhala m'gileda, ndipo inapeza ntchito yabwino: a Delmar ankaizika pamsewu kuti aone ngati miyala yakwana mainchesi anayi monga komiti inkafunira.

Panalinso china chimene ambiri tinkachidziwa koma osachinena. Kumanda athu kumapita kamsewu ka theka la mailo, ndipo kamsewuko sikanali pa mapu a komiti, poti malowo ndi a mpingo. Mu 1969 mwana wamwamuna wa a Delmar, Dennis, anamwalira thalakitala itamugudubukira, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku la maliro kunagwa chimvula. Galimoto yonyamula bokosi inatitimira m'matope pakamsewuko, ndipo amuna ananyamula bokosilo pamapewa akuterereka, mayi Arlene akutsatira pambuyo nsapato zili m'manja. Kuchokera chaka chimenecho, pakapita zaka ziwiri zilizonse, a Delmar ankapatutsa thiripi imodzi ya miyala ya komiti n'kukaithira kumeneko. Galimoto ya maliro sinatitimirenso. Thiripi iliyonse yotere ankailemba m'kabuku monga zina zonse, koma pa dzina la msewu ankangolemba kuti "kwa Dennis".

Mavuto anabwera mu Malichi 1986, chipale chitasungunuka. Misewu inasanduka phala. Basi ya ana asukulu inatitimira mpaka m'zitseko pa chitunda cha Sorghum, ndipo makolo anakwiya monga amakwiyira makolo. Komiti inaitanitsa msonkhano. Wapampando wake anali a Royce Tillman, wogulitsa mathalakitala, munthu wa mawu okoma amene ankadziwa dzina la mwana wa aliyense. Malole onyamula miyala ya komiti anali a mlamu wawo, koma zimenezo tinali titazolowera moti sitinkaziona.

"Abale anga, chaka chatha komiti yanu inagula mathiripi 640," anatero a Royce akukupiza mapepala. "Malisiti a kusikelo yoyezera malole kukwale ndi awa. Ndiye miyalayo ili kuti? Ine sindikutchula munthu. Koma tonse tili ndi maso, ndipo timaiona gileda ikukhotera kumene kulibe msewu wa komiti."

A Delmar anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. "Ine ndinalandira mathiripi 428," anatero. "Ndinalemba."

"Munalemba pati, achimwene? M'timabuku ta mbewu ya chimanga tija?" A Royce anaseka, ndipo ena tinaseka nawo, Mulungu atikhululukire. "Ndiye mwavomera nokha kuti mathiripi 212 anasowera m'manja mwanu. Mwawagulitsa kwa yani?"

Tsiku lomwelo komiti inawaimitsa ntchito a Delmar. Kupolisi sanawatengere, ndipo chimenecho ndicho chinali choipa kwambiri, chifukwa munthu wotengeredwa kukhoti amapeza poyankhira. A Delmar anangosiyidwa ndi dzina lakuba litawamatirira. Kukantini kumene amuna amamwa khofi m'mawa, akalowa iwo nkhani inkasanduka ya nyengo. Mayi Arlene akapita kugolosale, amayi anzawo ankawapatsa moni wokoma mopitirira muyeso. Tinkanong'onezana kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo aliyense amene anali ndi miyala yatsopano pakhomo pake ankafulumira kufotokoza kumene anaigula.

Chimene chinawathyola mtima chinachitika Lamlungu lachitatu. Mkulu wa mpingo anali a Virgil Stamm, mlimi wa nkhumba, amene anakhala benchi limodzi ndi a Delmar kuyambira kalasi yoyamba. Mapemphero asanayambe, a Delmar anapita kukatenga mbale yawo patebulo lakumbuyo, n'kupeza a Virgil ataigwira kale.

"Del, anthu akulankhula," anatero a Virgil osawayang'ana kumaso. "Upume kaye mpaka fumbi litsike. Ndiyendetsa ndine."

"Iwenso, Virgil?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndangoti upume."

A Delmar anakakhala pansi pambali pa akazi awo. Mbale itafika pa benchi lawo anaponyamo envelopu yawo monga mwa nthawi zonse, koma nyimbo yotsekera sanaimbe nawo. Lamlungu lotsatira anavala jekete, anafika mpaka pakhomo, n'kubwerera kukakhala kukhitchini.

Amene anakumbukira za lula ndi mayi Arlene. Inali itabwera kunyumba pamodzi ndi chitini cha chakudya tsiku limene amuna awo anaimitsidwa, ndipo inangotsamira kuseri kwa chitseko. Tsiku lina akusesa anaitembenuza, anaona nambala ija, n'kuimba osafunsa munthu. Kulikulu anawafotokozera lamulo limene ambiri a ife sitinkalidziwa: anthu ovota a m'dera akasaina chikalata n'kukwana chiwerengero choikika, Odita amabwera kudzafufuza, komiti ifune isafune. Kwa ife ankafunika mayina 190.

"Ndiye mukufuna ndikapemphe thandizo kwa mayi amene ndinamunyoza pamaso pa nkhosa?" anafunsa a Delmar.

"Nkhosazo zinaiwala kalekale," anatero mayi Arlene. "Koma mumve bwino, Delmar. Anthu amenewa akabwera sadzafufuza za Royce zokha. Adzatsegula ndi timabuku tanu."

"Ndikudziwa."

Mawa lake a Delmar anakwera kapikapu kawo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, m'misewu yomwe ija anaipala zaka zonsezo. Chinali chinthu chachilendo kuona: munthu woganiziridwa kuba akutolera yekha mayina oitanira wodzamufufuza. Ena anasaina chifukwa ankawakhulupirira. Ena anasaina mokondwa chifukwa ankafuna kuona wakuba akugwidwa. A Delmar sankasankha, poti siginecha ya mdani ndi ya bwenzi zimatenga malo ofanana pa pepala. Ambiri anakana. Wina anati kafukufukuyo adzadya ndalama za komiti zimene zikanagula miyala. Wina anati ali ndi thalakitala yoti a Royce amukonzere mwezi wamawa, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mayi wina wokalamba anawalowetsa m'nyumba, anawapatsa khofi, analira nawo, koma cholembera anakana kuchigwira.

Patatha milungu isanu anali ndi mayina 189, ndipo makomo amene ankawadalira anali atatha. Linatsala khomo limodzi limene ankalilambalala dala, la a Virgil. Anawapeza a Virgil kukhola la nkhumba, ndowa ili m'manja.

"Ndamva za ulendo wakowu," anatero a Virgil. "Nkhuku kudzinolera yokha mpeni. Mutu ukuyenda bwino, mdala iwe?"

"Latsala dzina limodzi, Virgil."

"Ndiye wabwera kwa ine pomalizira, ngati mankhwala owawa."

"Usaina kapena ndizipita?"

A Virgil anaika ndowa pansi, anapukuta manja pa ovolosi, n'kutsamiritsa pepalalo pa boneti ya pikapu. "Ndisaina," anatero. "Ngati unaba, akugwire bwinobwino, tisamangonong'ona ngati akazi a pachitsime. Ngati sunabe..." Analemba dzina lawo, n'kutola ndowa ija, ndipo nkhumba zinawathandiza kuthetsa nkhaniyo ndi phokoso.

Wofufuza anafika mu Juni. Sanali mayi Ostrander eni ake, koma wantchito wa mu ofesi yawo, bambo Alvin Prokop, mkulu woonda wa imvi, woyenda ndi fulasiki yakeyake. Anakhala milungu iwiri mu ofesi ya komiti, kenako anatumiza uthenga kuti Lachinayi m'mawa adzafika kwa a Huebner kudzatenga timabuku.

M'mawa umenewo makatoni a nsapato khumi ndi limodzi anali patebulo la kukhitchini. Mayi Arlene, amene anayambitsa zonsezi, ndi amene mtima unawagwa. Anali atasankha kale timabuku tisanu ndi tinayi tolembedwamo "kwa Dennis" n'kutiika pambali.

"Masamba asanu ndi anayi okha, Delmar," anatero motsitsa mawu, ngakhale m'nyumbamo munalibe wina. "Mbaula ili apa. Ndani angadziwe? Royce akangomva za kumanda, adzati si uyu wavomera. Anthu sadzasiyanitsa asanu ndi anayi ndi mazana awiri."

A Delmar anatsegula kabuku kamodzi n'kuyang'ana tsambalo nthawi yaitali.

"Tsamba lililonse pali dzina la mwana wathu," anatero. "Ndiliwotche ndi manja angawa?"

Mayi Arlene anatenga timabukuto n'kutibwezera m'makatoni, kalikonse pa chaka chake, kenako anakatsegula uvuni kuona chitumbuwa cha maapozi chimene anaphikira mlendoyo.

Chitumbuwacho bambo Prokop anachikana. Anakananso khofi, n'kuthira wa m'fulasiki yawo. Anthu a ofesi imeneyo salandira kanthu kwa munthu amene akumufufuza, ngakhale kapu ya madzi otentha, ndipo kwa mayi wa ku Kinsel Creek kukana chitumbuwa chake n'chimodzimodzi kumutukwana.

"Ngakhale kachidutswa, bambo? Kodi chitumbuwa ndi ziphuphu?"

"Mayi, fungo lokhali ndalandira kale," anatero bambo Prokop nkhope ili gwa, "ndipo ndikuganiza ngati ndiyenera kukalilemba mu lipoti."

Mayi Arlene anaseka koyamba chichokereni Malichi. Koma kusekako sikunakhalitse. Bambo Prokop ankatsegula timabukuto mwadongosolo, chala chikutsika mzere ndi mzere, mpaka chinaima.

"Bambo Huebner, msewu uwu wa kwa Dennis sindikuupeza pa mapu. Dennis ameneyu ndi ndani?"

A Delmar anawauza zonse: za thalakitala, za mvula, za bokosi pamapewa, ndi za mathiripi asanu ndi anayi. Bambo Prokop anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira, n'kuwavalanso.

"Pepani kwambiri," anatero. "Koma mukudziwa kuti ndilemba."

"Lembani. Inenso ndinalemba."

Chilimwe chonsecho tinkawaona bambo Prokop m'misewu, atagwada padzuwa ndi kafosholo, akukumba timaenje n'kuzikamo lula imene anabwereka kwa a Delmar. Ana ankati akufuna golide. Anapitanso kukwale kukaona buku la kusikelo, ndipo anakafunsa madalaivala mmodzimmodzi. Sanauze munthu chimene ankapeza. A Delmar anadikira miyezi inayi akupalira tomato kuseri kwa nyumba, ndipo anaonda moti jekete ija inayamba kuwakhuthukira m'mapewa.

Lipoti linadzawerengedwa Loweruka lina masana mu Okutobala, mu holo ya sukulu, ndipo anabwera kudzaliwerenga ndi mayi Ostrander eni ake. Holo inadzaza mpaka anthu kuima m'mawindo. A Royce anakhala kutsogolo, mwendo pamwamba pa unzake. A Delmar ndi akazi awo anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Mayi uja sanakometse mawu. Anati komiti inalipira mathiripi 640, koma amene anafika m'misewu yathu anali 428, ndendende monga analembera woyendetsa gileda, ndipo timaenje ta bambo Prokop tinavomereza. Malisiti ena anali a masiku amene kabuku kankati "mvula, palibe ntchito". Ena anali a Lamlungu. Mathiripi 212 aja anatulukadi pakwale, koma malole a mlamu wa wapampando anakawakhuthula kutauni ina, pamalo amene mlamuyo ankamanga nyumba zogulitsa, ndipo wosainira kuti zilipiridwe anali wapampando yemwe. Nkhaniyo, anatero, aipereka kwa oimira boma pamilandu.

"Sitinapeze umboni uliwonse," anawerenga, "wosonyeza kuti bambo Delmar Huebner anagulitsa mwala ngakhale umodzi. Popanda timabuku tawo, kafukufukuyu sakanatheka."

 A Royce anali atatsitsa mwendo uja. Ife amene tinaseka pa msonkhano wa Malichi tinayamba kuyang'ana nsapato zathu. Mayi Arlene anagwira dzanja la amuna awo, ndipo tonse tinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma mayi Ostrander anatembenuza tsamba.

"Mfundo yachisanu ndi chimodzi. Kuyambira 1969, bambo Huebner anathira mathiripi asanu ndi anayi a miyala ya komiti pamsewu wa kumanda, umene si wa komiti, popanda chilolezo cha wina aliyense. Zimenezi n'zosemphana ndi lamulo, ndipo siziyenera kuchitikanso."

Kunamveka kung'ung'udza. A Delmar anaimirira, chipewa chili m'manja ngati tsiku lija.

"Ndi zoona," anatero. "Ndinathira ndine. Sindinapemphe."

Anakhala pansi. Kenako kutsogolo kunaimirira a Virgil Stamm, nkhope itafiira.

"Mayi Odita, ine ndine wa nkhumba, malamulo sindiwadziwa," anatero. "Koma mkazi wanga tinamuika kumeneko chaka cha dzana, mvula ikugwa, ndipo galimoto inafika mpaka pamanda. Ndinaona miyalayo. Ndinadziwa kumene inachokera. Tonse muno tinkadziwa, ndipo tinayendapo. Ngati ndi mlandu, mulembe ndi dzina langa."

"Bambo, ine ntchito yanga ndi kunena zimene ndapeza," anayankha mayi Ostrander. "Ngati msewuwo mumaufuna, lamulo lili ndi njira yake: mpingo uupereke, komiti iulandire poyera, uikidwe pa mapu. Munali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zochitira zimenezo. M'malo mwake munasiyira munthu mmodzi kuti azisenza yekha mobisa."

Mawu amenewo anatilasa tonse, ndipo anali oona. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tinametedwa tsiku limenelo.

Anthu akutuluka, a Delmar anadikira pakhomo mpaka mayi uja atatsala ndi bambo Prokop okha. Lula inali m'manja mwawo, itathetheka kunsonga, manambala ena atafufutika.

"Mayi, mwina simukundikumbuka."

"Wa geti uja," anatero mayi Ostrander. "Kodi munandivotera?"

"Ayi, mayi. Mzere wanu ndimaudumpha. Ndimati ndithokoze. Koma ndifunseko chimodzi. Za kumanda zija, simukanangozisiya? Mkazi wanga ali apoyo akulira."

"Ndikanatha," anatero mayiyo. "Koma mawa a Tillman akanaimirira n'kunena kuti Odita anabisa za mnzake. Ndikanabisa asanu ndi anayi anuwo, mazana awiri aja akanawakhulupirira ndani? Dzina lanu layera chifukwa lipotili silinakukondereni."

A Delmar anagwedeza mutu. Anafuna kuwabwezera lula ija, koma mayiyo anati salandira mphatso, ngakhale yolembedwa dzina lawo lomwe.

A Royce atachoka pampando, komiti yatsopano inawabwezera a Delmar pa gileda mwezi womwewo, ndi kalata yowachenjeza za mathiripi aja, imene a Delmar anaipinda bwinobwino n'kuisunga m'katoni ya nsapato. Kamsewu ka kumanda kanalowa pa mapu Khirisimasi isanafike. Pa chisankho cha Novembala, mayi Arlene anadikira panja pa kachipinda kovotera nthawi yaitali, kenako anaona amuna awo akutuluka kukapempha pepala lina. Pa mzere wa Odita anali atachonga mwamphamvu mpaka pensulo inaboola pepala.

Koma kutchalitchi anali asanabwererebe. Mayi Arlene ankapita okha, ndipo akafunsidwa ankati abambo akudwala msana. Ife tinkadziwa msana wake. Lipoti la boma likhoza kuyeretsa dzina la munthu, koma silingapepese m'malo mwa anthu amene anamuseka, ndipo kupepesa kuno kwathu ndi ntchito yolemera kuposa kukumba chitsime.

Lamlungu loyamba la Disembala, chipale chitagwa usiku, a Delmar analawirira kukakankha misewu kuti anthu apite kukapemphera. Anamaliza ndi bwalo la tchalitchi belu likulira. Ankati atembenuze gileda azipita kwawo, pamene anaona munthu ataima kutsogolo kwa chimpeni cha makinawo, wopanda chipewa, atakumbatira chinthu pachifuwa. Anazimitsa injini n'kutsegula chitseko.

"Choka apo, Virgil, ndikupala pamodzi ndi chipalechi."

"Tsika."

"Ndavala ovolosi. Jekete ili kunyumba."

"Mulungu anakuonapo ndi ovolosi. Tsika, mdala iwe, ndikuzizidwa." A Virgil anatambasula manja, ndipo chinthu chija chinali mbale ya chopereka.  "Miyezi isanu ndi inayi ndayendetsa chimbale chakochi. Chikundilemera, Del. Ndinalakwa. Tenga."

A Delmar anakhala kaye pampando wawo, akuyang'ana mnzawoyo. Kenako anavula magolovesi, anatsika makwerero a gileda pang'onopang'ono, n'kuilandira ndi manja awiri.

Tinawaona akulowa nyimbo yoyamba ili mkati, chipale chikusungunuka pa majombo awo n'kusiya mapazi amadzi pakapeti yatsopano ya amayi a mpingo. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anadandaula za kapetiyo. Nthawi ya chopereka itakwana, a Delmar anayamba benchi loyamba la kumanzere monga kale, ndipo aliyense wa ife, mbale ikafika, ankadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso.